Mtanda wa Nkhwapa ya Mfumu

Mu ufumu wa Tidzaonabe, umene umayambira pomwe msewu wa phula unathera n'kukalekeza pomwe anthu anasiya kuufunsa msewuwo, munalowa masewero achilendo m'chaka chomwe Mfumu Ndamvetsa Yachinayi inayamba kuvala magalasi. Alendo ena ochokera kutsidya kwa nyanja zamchere anatsitsa bokosi pabwalo la nyumba yachifumu, anajambulitsa atagwirana chanza ndi mfumu, n'kukwera galimoto yawo fumbi koboo. M'bokosimo munali zibonga zosalala, timipira tolimba ngati mateme osapsa, magolovesi achikopa ndi kabuku ka malamulo. Magolovesiwo onse anali a dzanja lamanzere. Nyumba yachifumu inalemba kalata yaulemu yofunsa za akumanja, ndipo yankho lake likuyembekezeredwabe.

Alendowo ankati masewerowo ndi besibo. Anthu a ku Tidzaonabe, omwe sakonda kuvutitsa lilime, anangoti mpira wa chibonga. Kaseweredwe kake nkosavuta. Wina amaponya, wina amamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira matumba anayi a mchenga mpaka kubwerera pomwe anachokera. Akaphonya katatu, akakhale pansi. Nduna zinawakonda pomwepo masewerowa. Kuona munthu akuthamanga thukuta lili kamukamu, n'kukafika pomwe anayambira, anthu n'kumuombera m'manja, zinati zimenezi n'zogwirizana kwambiri ndi kayendetsedwe ka boma.

Ana anawaphunzira m'sabata imodzi. Mfumu itaona izi inalengeza mpikisano wa ana a midzi yonse khumi ndi iwiri, kuphatikizapo wa nyumba yachifumu, ndipo inagula kamwana ka mbuzi koti kadzakhale mphotho. Kenaka panapezeka mavuto awiri. Loyamba, chiswe chinali chitadya masamba omaliza a kabuku kaja, omwe ankafotokoza kuti matimu ambiri amakumana motani kuti papezeke wopambana. Lachiwiri, panalibe wodziwa kuti mwana ndi ndani. Ku Tidzaonabe munthu aliyense ali ndi zaka zobadwira ziwiri, china chonena kusukulu, china chonena kokafunsira banja.

Vuto lachiwirili linatha m'mawa umodzi wokha, chinthu chomwe nduna zimachikumbukirabe mwamanyazi. Mfumu Ndamvetsa inali ndi mphatso imodzi: inkagwirizana ndi aliyense amene walankhula pomaliza. Tsikulo womaliza kulankhula nayo anali woimeta, ndiye inatuluka n'kulamula kuti mwana ndi aliyense amene angadutse pansi pa nkhwapa yake ali chiimire, osawerama. Poti mfumu singakhale tsiku lonse mkono uli m'mwamba, anaitana kalipentala wa m'mudzi wa Dikirani, Gwaza Kamtedza, kuti apange mtanda woimira nkhwapayo.

Gwaza anagwada, anaomba m'manja katatu, anapepesa, n'kuyeza ndi chingwe cha khonje kuchokera pansi mpaka pamalo olemekezekawo. Pamenepo anamanga mfundo. Anasema nsanamira ziwiri za muwanga, mtengo umene chiswe chimangoununkhiza n'kubwerera, ndipo anapala mtanda wa mbawa wowongoka ngati muvi.

"Mtanda wotere sungaikidwe pabwalo pomwe aliyense angaukweze," anatero a Chikhutiro, Nduna ya Chilungamo ndi Kudikira. "Uikidwe pomwe pamadutsa anthu okhulupirika okhaokha."

"Zoona zimenezo," inatero mfumu.

Anauimika pakhomo la Nyumba ya Uphungu. Ng'oma inalira, lamulo linalengezedwa: wokweza, wotsitsa kapena wosuntha mtandawo, ngakhale ndi kachikhadabo, adzathamangitsidwa mu ufumu katundu ali pamutu. Gwaza atakhoma msomali womaliza m'pamene nduna zinakumbukira kuti nyumbayo ili ndi khomo limodzi. Zinayang'anizana, zinakonza mataye, zinawerama n'kulowa kukakambirana vuto loyamba lija.

Gwaza anali ndi mwana wamkazi, Ndaziona, wa zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi malinga ndi wofunsa. Mwanayu anabadwa ndi mkono. Ankathothola bango la pansonga ndi mwala umodzi, mwakuti eni mitengo ankayamba ndiwo kumupatsa moni. Atagwira kampira kachilendo kaja, nkhani inatha. Ankaponya, womenya n'kumangomva mphepo, kampirako katalira kale m'golovesi kumbuyo kwake. Timu ya Dikirani inalibe nsapato, inalibe yunifolomu, koma inali ndi Ndaziona, ndipo iye ankafuna chinthu chimodzi chokha padziko: kukaponya pabwalo la mfumu, anthu onse akuona.

Chingwe cha khonje chija Gwaza anachisunga. Anamuimika mwana wake pakhoma la shedi yake.

"Ima chilili. Zidendene pansi."

"Zatsala zingati, ababa?"

"Zala zinayi kuti ufike pamfundo."

"Zala zanu kapena zanga?"

"Zanga. Zala zinayi n'zambiri, mwanawe. Nduna khumi ndi ziwiri, mitu khumi ndi iwiri, kankhani kamodzi. Sikafika Lachisanu kameneka."

Gwaza anali munthu wa matabwa. Za boma sankazidziwa.

M'Nyumba ya Uphungu anayamba kulankhula ndi a Mphepoyatha, Nduna ya Masewero ndi Zina Zotsala. Anayambira pa kulengedwa kwa dziko, ndipo dzuwa lili pamutu anafika pa mfundo yawo.

"Mwini dziko, njira ndi imodzi. Awiri akumane. Wagonja, kwawo. Wapambana, apitirire. Mawa lake mbuzi ili ndi mwini."

"Zoona zimenezo," inatero mfumu.

A Chikhutiro anadzuka pang'onopang'ono, chifukwa amakhulupirira kuti chilungamo sichidzuka mothamanga. "Mwini dziko, ana a ku Sitifika amayenda masiku awiri kubwera kuno. Afike, aphonye katatu, ife n'kuwauza kuti bwererani? Mlendo wosamwa ndi madzi omwe? Amayi awo akatifunsa tidzayang'ana kuti? Ine ndikuti aliyense akumane ndi aliyense. Amene wapambana kambiri atenge mbuzi."

"Zoona zimenezo."

"Aliyense ndi aliyense?" a Mphepoyatha anamenya tebulo. "A ku Dikirani ndi a ku Sitifika salankhulana chiyambire mtondo wobwereka uja unabwerera wong'aluka. Inu mukufuna kuwakumanitsa, mutawapatsa zibonga m'manja? Nanga tiana tonyentchera ta ku Tangolawa? M'njira yangayi tikwapulidwa kamodzi, tipita kwathu kukalira. M'njira yanuyo tikwapulidwa kakhumi ndi kamodzi pamaso pa makolo. Chilungamo chake n'chimenecho?"

"Zoona zimenezo."

Pamenepo panalowa lichero la zitumbuwa, ndipo pambuyo pake panalowa mwini wake, Nangozo, mlongo wake wa Gwaza, amene anapatsidwa ntchito yodyetsa nduna. Nduna zinagwirizana popanda wotsutsa kuti nkhani yolemera chonchi singakambidwe m'mimba muli zii. Pambuyo pa zitumbuwa panabwera tiyi wamkaka. Pambuyo pa tiyi, mpunga wa nkhuku. Msonkhano unaimitsidwa mpaka mawa lake, ndipo mawa lakelo unayambiranso pa kulengedwa kwa dziko, poti nduna ya ku Tangolawa inali itafika mochedwa dzulo lake.

Mvula inabwera, inapita. Miyezi yoyamba nduna zinkalowa chowerama. Zitumbuwa zitayamba kugwira ntchito, msana unakana kupindika, zinayamba kulowa chogwada. Pofika nthawi yokolola, zinkavula majekete, kugona chafufumimba, n'kudzikoka pansi pa mtandawo ngati ng'ona zikutuluka m'madzi, m'mawa polowa, masana pokapuma, madzulo potuluka. Pakhomopo panali dothi la katondo, ndipo wosesa ankasesa fumbi lake m'mawa uliwonse mokhulupirika.

Ku msika wa Mulibenso anthu anayamba kuzindikira nduna ndi katondo wa pamimba. Posakhalitsa inasanduka fashoni. Anyamata ofuna kuoneka apamwamba ankadzipaka dothi lofiira pamalaya asanapite kokacheza ndi atsikana, ndipo telala wina anayamba kusoka malaya okhala ndi chigamba chofiirira kale, kuti munthu asavutike.

"Nangozo, inu mumalowa m'menemo," anatero wogulitsa fodya. "Afika pati?"

"Pa zitumbuwa zitatu aliyense. A Chikhutiro zisanu."

"Tikunena za mpikisano."

"Oo, zimenezo? Agwirizana kuti mpira ndi wozungulira. Koma a ku Sitifika apempha nthawi kuti akafunse kwawo."

"Mdzukulu wanga anali womenya woyamba wa timu yathu," anatero mayi wina akusankha tomato. "Pano mawu ayamba kubesa. Dzulo wandifunsa lezala."

"Muuzeni adikire. Adzaonerera mwana wake."

Kunyumba, Gwaza anatulutsanso chingwe. Zinali zitatsala zala ziwiri.

"Mumamudyetsa nyemba kwambiri, achimwene," anatero Nangozo. "Mwana wa nyemba amangopita m'mwamba."

"Ndimusiye ndi njala?"

"Sindinatero. Mumumete mpala, tsitsili likudya malo. Ndipo azisenza ndowa yodzaza tsiku lililonse, mwina n'kutsendereka."

Anamumeta mpala. Ndaziona anasenza ndowa mpaka mitsuko yonse ya m'mudzi inadzaza, oyandikana nawo n'kuyamba kumubisira. Khosi linalimba, mkono unalimbiratu, koma miyendo sinamve nawo malangizowo.

Chaka chachiwiri chinabweretsa nzeru zatsopano. Nduna ina inati pofuna kugwirizanitsa mbali ziwirizo, timu izituluka ikagonja kawiri, osati kamodzi. Mfumu inati zoona zimenezo. Ina inafunsa kuti bwanji kawiri, pomwe womenya amaphonya katatu asanakhale pansi. Mfumu inati zoona zimenezo. Ina, yomwe inali mkulu wa mpingo, inati mtima wokhululuka sulekera pa katatu, ndipo pofika mwezi wa Juni zinaoneka kuti timu ingathe kugonja kasanu ndi kawiri n'kukhalabe ndi chiyembekezo.

Kuti zimveke bwino, anauza mlembi wa nyumbayo, a Tsinde, kuti ajambule pakhoma ndi khala mizere yoonetsa kuti wopambana akupita kuti, wogonja akupita kuti. A Tsinde anali munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, wa ndevu zaimvi ndi ana asanu, koma wamfupi kotero kuti ankadutsa pansi pa mtanda uja ndi chipewa chomwe. Pachifukwa chimenechi malamulo ankawawerenga ngati mwana, ndipo anali atasankhidwa kale kukhala kaputeni wa timu ya nyumba yachifumu. Anajambula atakwera pampando. Mizere inadzaza khoma, inatulukira pawindo, inazungulira nkhokwe ya mfumu, inakhota pa chimbudzi cha alonda n'kubwereranso pawindo lina. Ataitsatira bwinobwino ndi chala, anapeza kuti timu ya ku Tangolawa, itagonja kasanu ndi kamodzi, idzakumana yokha ndi yokha pa masewero omaliza.

"Ndiye adzapambana ndani?" inafunsa mfumu.

"Tangolawa, Mwini dziko."

"Nanga wogonja?"

"Tangolawa yomweyo."

"Chilungamo chenicheni," anatero a Chikhutiro, maso ali ndi misozi.

Koma a Mphepoyatha anali ndi nkhawa ina. Anati si ulemu kuti timu ya nyumba yachifumu iyambire pansi ngati anthu wamba, ikhale ikudikira pa masewero omaliza, ena azivutika kuipeza. Mfumu inati zoona zimenezo. Pamenepo nduna iliyonse inakumbukira kuti mudzi wake unakwatitsapo mwana kunyumba yachifumu, ndipo pofika Lachinayi matimu onse khumi ndi awiri anali atafika pa masewero omaliza popanda kuponya mpira ndi kamodzi komwe. Ng'oma inalira kulengeza kupambana kumeneku. Lachisanu wina anafunsa kuti matimu khumi ndi awiriwo akumana motani pa masewero omalizawo, ndipo a Mphepoyatha anadzuka n'kuyambira pa kulengedwa kwa dziko.

Tsiku lina masana, chimanga chachitatu chili m'munda, Gwaza anamuimika Ndaziona pakhoma. Anakoka chingwe. Anachikokanso. Anachinyowetsa ndi malovu, anapondapo ndi phazi, n'kukoka mpaka khonje linalira.

"Ababa, musachidule."

Mfundo inali pamphumi pake. Mutu unapitirira ndi zala ziwiri.

Ndaziona sanalire. Anatenga kampira kake, komwe tsopano kanali kosokedwasokedwa ndi ulusi wa matumba, n'kupita kuseri kwa shedi. Gwaza anakhala pa benchi lake akumva kampirako kakumenya chitini. Thi. Kenaka thi. Osaphonya.

Mawa lake anaika puleni yake m'chikwama n'kupita ku Nyumba ya Uphungu, akuti kukaona ngati chiswe chayamba mtanda. Anaima pambali pa nsanamira, anasisita mbawa ija kunsi kwake. Zala ziwiri zokha. Kupala kakhumi, mwina kakhumi ndi kawiri, n'kupakapo dothi, ndani angadziwe? M'kati munkamveka mkangano wokhudza ngati kugonja chifukwa cha mvula n'kugonja kwathunthu kapena theka.

"Mtanda uli bwanji, amisiri?" anafunsa a Tsinde, akutuluka ali njo, chipewa chili kumutu.

Gwaza anayang'ana misomali yake isanu ndi itatu, yochita dzimbiri koma yosagwedezeka. Anayang'ana nsanamira, zoima ngati tsiku loyamba. Ntchito yake inali yowongoka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anadana nayo.

"Uli bwino," anatero. "Sunasunthe."

Anabwerera kwawo puleni ili m'chikwama. Kalipentala amayang'ana thabwa. Pansi sanayang'anepo.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mbuzi. Kamwana ka mbuzi kaja kanali katakula, katabereka, ana ake n'kuberekanso, ndipo tsopano mphothoyo inali mbuzi zisanu ndi zinayi zoyendayenda m'nyumba yachifumu popanda wozikhudza, poti zinali za wopambana. Zinadya maluwa, zinadya makatani, zinadya lipoti la zaka ziwiri la a Tsinde, lomwe palibe anaona kuti lasowa. Koma m'mawa wina zinadya nthenga za chisoti chachifumu mfumu ikusamba, ndipo Ndamvetsa Yachinayi, kwa nthawi yoyamba chikhalire pampando, inakhala ndi maganizo akeake.

"Mpikisano uchitike Loweruka lino," inatero, itavala chisoti chometeka. "Mbuzizi zichoke."

"Koma m'njira iti, Mwini dziko?" nduna zinafuula. Zinadzuka zonse pamodzi, wina wagonja kwawo, wina aliyense ndi aliyense, wina kasanu ndi kawiri, ndipo mfumu inkatembenuka uku ndi uku ikunena zoona zimenezo mpaka khosi linayamba kuwawa.

Nangozo analowa chogwada ndi lichero lake. Phokoso linazirala, manja anatambasuka. Iye akutolera makapu anang'ung'udza yekha, koma m'nyumbamo munali zii.

"Anthu akuluakulu, zaka zitatu. Bwanji osangolemba maina pa timapepala, kuponya m'chipewa, ana n'kusewera mpaka atatopa, wotsala n'kutenga mbuzi?"

"Zoona zimenezo," inatero mfumu.

Inayang'ana uku ndi uku kudikira wotsatira. Nduna khumi ndi ziwiri zinali ndi mayankho amphamvu kwambiri, koma zitumbuwa za tsikulo zinali zouma, ndipo tiyi anali asanafike. A Chikhutiro anakweza chala, masaya ali tuu, maso ali tong'o. Mfumu inadikira pang'ono, inaona kuti palibe wolankhula, inadzuka. Ng'oma inalira.

Loweruka m'mawa ufumu wonse unasonkhana pakhomo la Nyumba ya Uphungu kuti osewera ayesedwe. Gwaza sankafuna kuti mwana wake apite.

"Ukachita manyazi pagulu, mwanawe. Mutu ukagunda, anthu akaseka."

"Aseke. Ndikufuna ugunde ndili pomwepo, ababa, osati ndili kuseri kwa shedi."

Oyamba kudutsa anali a Tsinde, ndevu atazipesa, ana awo asanu akuwaombera m'manja. Kenaka anaitana Dikirani. Ndaziona anafika pa mtanda, mpala ukuwala, golovesi lili kumanzere. Sanapinde mawondo. Anawongola khosi lake la ndowa lija, anatseka maso, anaponda kamodzi, kawiri.

Palibe chinagunda.

Anatsegula maso ali m'kati mwa nyumba. Pakati pa mutu wake ndi mbawa panali malo olowa dzanja lonse. Pambuyo pake anadutsa mdzukulu wa mayi wa tomato uja, tindevu tili pachibwano, naye osagunda. Anadutsa a ku Sitifika, anadutsa a ku Tangolawa, ana onse omwe anayamba kudikira zaka zitatu zapitazo, mmodzimmodzi, ali chiimire. Nthungululu zinamveka mpaka ku msika.

"Chinyengo!" anakuwa a Chikhutiro. "Mtanda wakwezedwa! Ndipo tikumudziwa amene anabwera pano ndi chikwama. Kamtedza, yambani kumanga katundu."

"Sindinaukhudze, bwana."

"Tiona. Mwini dziko, tikupempha nkhwapa."

Mfumu inavula nsapato, inakaima pakhomopo moyandikana ndi mtanda n'kukweza mkono. Mtandawo, m'malo mokhudza nkhwapa, unali pamwamba pa khutu.

 Zinthu zinali ziwiri. Mwina mtanda wakwera, ndiye kalipentala achoke m'dziko. Mwina mfumu yafupika, ndipo wonena zimenezo mokweza achoka asanamange n'komwe katundu. Gwaza anayang'ana misomali yake, dzimbiri lili lomwe lija. Anayang'ana mapazi a mfumu. Anayang'anitsitsa pomwe mapaziwo anaponda, ndipo anavula chipewa chake pang'onopang'ono.

"Mwini dziko, pepani, tatulukani pang'ono. Ndikupempha a nduna a Chilungamo alowe m'nyumbamu monga amalowera masiku onse."

A Chikhutiro, omwe sanakanepo kulowa m'nyumba imeneyo, anavula jekete, anagona chafufumimba n'kudzikoka. Mimba yawo inalowa m'dothimo bwinobwino ngati chivundikiro pa mphika wake. Kafumbi kofiira kanafuka. Pomwe anadutsapo panali chigwa chosalala, chopukutika, chozama kupitirira chikhatho, ntchito ya mimba khumi ndi ziwiri, kanayi patsiku, kwa zaka zitatu.

"Mtanda sunakwere, Mwini dziko," anatero Gwaza. "Inunso simunafupike. Dziko ndi limene latsika, pomwe pamadutsa nduna."

"Zoona zimenezo," inatero mfumu, ili ndi mpumulo waukulu.

A Mphepoyatha anatsegula pakamwa kuti anene kuti ngati zili choncho ana onsewa ayesedwenso. Nangozo anali pafupi, lichero lili m'manja. Anthu amene anaona amati sanachite mwamwano. Anagwada kaye, kenaka n'kuwatseka pakamwa ndi chitumbuwa.

Timapepala titasakanizidwa m'chipewa cha a Tsinde, Dikirani inagwera nyumba yachifumu. Womenya woyamba anali kaputeni mwiniwake. Anagwira chibonga ngati cholembera, anamwetulira anthu, anayang'ana kamtsikana ka mpala kali chiimire pakati pa bwalo.

"Iwe, uponye mwaulemu," anatero. "Ukwati wa makolo ako ndinalipo ine."

"Chabwino, agogo."

Mpira woyamba a Tsinde sanauone. Wachiwiri anaumva ukudutsa, ndevu zinagwedezeka. Wachitatu anamenya ndi mphamvu zonse za zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, anazungulira kawiri n'kukhala pansi pomwepo, zomwe malamulo ankafuna kale. Bwalo lonse linawerenga limodzi, ndipo ngakhale a ku Sitifika, omwe salankhulana ndi a ku Dikirani, anakuwa nawo, akuyang'ana kumbali.

Ana anasewera mpaka dzuwa linapendeka. Ena anagonja n'kulira, n'kupemphanso kusewera, ndipo poti panalibe nduna yoletsa, anaseweranso. Dikirani inapambana, ndipo Ndaziona anabwerera kwawo akukoka mbuzi yaikulu ija ndi chingwe cha khonje chokhala ndi mfundo.

Lolemba ng'oma inalira. Nyumba ya Uphungu inalengeza kuti dzenje la pakhomo ndi chiopsezo ku chilungamo cha masewero a ana, ndipo palibe mpikisano wina umene udzachitike kufikira nduna zitagwirizana njira yolikwirira. A Mphepoyatha akuti likwiriridwe kamodzi n'kamodzi. A Chikhutiro akuti mudzi uliwonse uthiremo dothi lake, mofanana. Zokambiranazo zinayamba tsiku lomwelo. Nduna zinavula majekete.

Nangozo anadutsa pa shedi ya mlongo wake lichero lili pamutu. Anapeza Gwaza atamuimika pakhoma mng'ono wake wa Ndaziona, kamtsikana ka miyendo italiitali, akukayeza ndi maso.

"Achimwene, mwamva? Ayambanso."

"Ndamva, achemwali. Uyu akukula ngati nzimbe ya kudimba." Anayang'ana lichero lija, anaganiza pang'ono. "Zitumbuwazo muziikamo nthochi zambiri. Ndipo a Chikhutiro muziwapatsa zisanu ndi chimodzi."